CISWE M'NYUMBA: PHUNZIRO LA MWINI NYUMBA WACIKRISTU

Kuwerenga: Levitiko 14:33-53, Mlaliki 10:18, Luka 14:28-30.

Ambiri a inu muli nao ana kapena adzukulu ku Migodi, ndiko ku Kitwe, ku Ndola ndi ku midzi ina ya Copperbelt. Ciyambire zaka za m'ma 1930, pamene migodi ya mkuwa inayamba kuitana anchito oculuka, anthu olankhula Cinyanja ocokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Malawi akhala akupita kumeneko. Ena anabwerera kumudzi, koma ena anakhazikika namanga nyumba zao komweko. Umodzi wa midzi yotere ndiwo Luangwa, umene uli kum'mwera kwa mzinda wa Kitwe, kufupi ndi mtsinje wa Kafue. Wowerenga asausokoneze ndi mtsinje wa Luangwa wa Kum'mawa. Dzina ndi limodzi, koma malo ndi awiri.

Munthu wosauka samanga nyumba caka cimodzi. Caka cino aumba njerwa, caka camawa agula matabwa, caka cinanso malata ndi zitseko. Ndipo kawiri kawiri ndalama zina zacokera kwa makolo amene anagulitsa mtedza kapena ng'ombe kumudzi. Tsono nyumba yatha, banja lalowamo, ndipo patapita mvula ziwiri kapena zitatu mai wa m'nyumba aona kamzere ka dothi lofiira kali kukwera pa khoma kumka ku denga. Agogoda felemu la citseko, ndipo lilira ngati ng'oma. Ciswe calowa.

Apa mwini nyumba ali pakati pa ngozi ziwiri. Akazengereza, denga lidzagwera ana ace. Akathamangira kukagula mankhwala osadziwika pamsika, angathe kuipitsa citsime cimene ana omwewo amamwamo. Phunziro ili lalembedwa kuti litithandize kusankha bwino, kaya tili ku Luangwa kaya kumudzi, pakuti ciswe ca ku Kitwe ndi ca ku Katete cimadya mofanana.

I. Lamulo la nyumba yodwala

M'buku la Levitiko, mutu 14, muli lamulo lonena za nyumba imene makoma ace agwidwa ndi nthenda. Nthendayo sinali ciswe ai. Inali ya mawanga obiriwira kapena ofiirira, onga nkhungu ya pa khoma lacinyezi. Koma dongosolo limene ana a Israyeli anapatsidwa litiphunzitsa ife lero lomwe.

Coyamba, mwini nyumba sanaloledwe kubisa. Anayenera kupita kwa wansembe kukanena cimene waona. Caciwiri, katundu anayamba watulutsidwa, ndipo pamenepo wansembe analowa kukayang'anitsitsa makomawo. Cacitatu, sanagwetse nyumba tsiku lomwelo. Anaitseka masiku 7, nabweranso kudzaona ngati nthenda yafalikira. Cacinai, ikakhala yafalikira, anacotsa miyala yokha yogwidwayo, napala makoma, naikapo miyala ina ndi dothi latsopano. Nyumba inagwetsedwa pokha pokha nthenda itabweranso pambuyo pa zonsezi. Ndipo cacisanu, miyala ndi zopala zija sizinatayidwe pa bwalo la mnansi, koma zinanyamulidwa kumka nazo kunja kwa mudzi.

Onani tsono nzeru zisanu: kusabisa, kufufuza, kudekha, kuyesa mankhwala molingana ndi kukula kwa nthenda, ndi kusamala potaya zoipa kuti ena asabvutike nazo. Zonse zimene zitsata m'phunziro ili zaima pa maziko amenewa.

II. Kumdziwa mdani

Ngakhale ciswe cimakhala m'magulu monga nyerere, sicili mbale wa nyerere. Akatswiri a tizirombo anatsimikiza m'caka ca 2007 kuti mbale wace weni weni ndiye mphemvu. Pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya ciswe pafupi fupi 3,000, koma yoononga nyumba ndi yowerengeka cabe.

M'culu muli magulu anai. Pakati, m'kacipinda ka dongo lolimba, mukhala manthu ndi mwamuna wace. Manthu wa culu cacikulu angathe kuikira mazira ofika 30,000 tsiku limodzi, ndipo amakhala ndi moyo zaka zoposa 10. Pali anchito, akhungu ndi ofewa thupi, ndiwo amene amadya matabwa athu. Pali agang'a a mitu yaikulu, alonda a mudzi. Ndipo pali inswa, zimene ena azicha ngumbi, ndizo ana okhwima amene amatuluka ndi mvula yoyamba kukayambitsa midzi yatsopano. Zikatera pansi zithothola mapiko ace, yaikazi ndi yaimuna zitsatana, nizikumba kadzenje. Zikapulumuka kwa mbalame, acule, nyerere ndi anthu, izo zidzakhala manthu ndi mwamuna wa culu catsopano.

Ciswe cambiri ca m'maiko athu ndi ca mitundu yolima bowa. Mtundu wochedwa Macrotermes ndiwo umanga zulu zazikulu zija zimene munthu aziona poyenda m'mseu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe, zina zotalika kuposa denga la nyumba. Mitundu ya Odontotermes ndi Microtermes kawiri kawiri imabisa zisa zace pansi, ndipo pamwamba pamaoneka kaculu kakang'ono kapena osaoneka kanthu konse. Anchito amatafuna udzu ndi mitengo, naunjika zotafunazo m'zisa zonga za njuci. Pamenepo pamera bowa amene afewetsa cakudyaco kuti ciswe cithe kucidya. Bowa wa pa culu amene timazula m'dzinja acokera kumeneko. Wamkulu wa onse, Termitomyces titanicus, analembedwa m'mabuku a sayansi m'caka ca 1980 ndi Pegler ndi Piearce, ndipo anapezeka m'Zambia muno. Cipewa cace cingathe kufika mita imodzi m'mimba mwace.

Dziko la Copperbelt likomera ciswe pa zifukwa ziwiri. Mvula imagwa yambiri, yoposa mamilimita 1,000 pa caka, kuyambira November kufikira April. Ndipo midzi yambiri yamangidwa pamene panali nkhalango ya miombo, kotero kuti zitsa ndi mizu yakufa zikali pansi pa mabwalo.

Tisaiwale kuti ciswe naco ndi colengedwa ca Mulungu, ndipo cili ndi nchito yace. Cimaoletsa mitengo yakufa, cimaboola nthaka kuti madzi a mvula alowe, cimakweza dongo limene tiumbira njerwa, ndipo inswa zace ndi ndiwo. Cimene tifuna ndico kuteteza nyumba. Kutha ciswe conse sikutheka, ndipo sikuyeneranso.

Kufooka kwa ciswe ndi uku: wanchito akauma, afa. Ayenera kubwerera ku nthaka yacinyezi nthawi ndi nthawi, ndico cifukwa cace amamanga timiseu ta dothi pa khoma kuti ayende mobisala ku dzuwa, ku mphepo ndi ku nyerere. Munthu wodziwa ici adziwa poyambira: adule njira ya pakati pa nthaka ndi thabwa, ndipo acotse cinyezi.

III. Kuyendera nyumba

Musanagule kanthu, tengani nyali, mpeni ndi kamtengo kogogodera, ndipo muyendere nyumba yonse. Yambani kunja. Zungulirani maziko, muli kuyang'ana mizere ya dothi, makamaka pamene pali ming'alu, pamene mpope ulowa m'khoma, ndi pamene madzi a pa denga amagwera. Lowani m'kati, musunthe kabati, bedi ndi matumba a cimanga otsamira khoma. Gogodani mafelemu a zitseko ndi a mazenera. Thabwa lodyedwa lilira ngati lopanda kanthu, ndipo mpeni ulowamo mosabvuta. Potsiriza kwerani mukaone mitanda ndi mapaso a denga, pamene atsamira pa khoma.

Kenaka dziwani cimene cili kudya. Mukapeza dothi m'kati mwa thabwa kapena pamwamba pace, cimeneco ndi ciswe ca m'nthaka, ndipo gwero lace lili pansi. Mukaona timabowo tozungulira ndi ufa wosalala ukugwa, amenewo ndi tizirombo tina toboola mitengo, tofanana ndi anankafumbwe. Mankhwala othira m'nthaka sadzatikhudza konse. Mukaona timibulu touma tonga mcenga popanda dothi, cimeneco ndi ciswe cokhala m'thabwa momwemo, cimene cimapezeka kwambiri ku maiko otentha a m'mbali mwa nyanja yamcere. Pamenepo cofunika ndi kucotsa thabwalo kapena kulithira mankhwala lokhalo.

Kuti mudziwe ngati mzere wa dothi uli wamoyo, gumulani kagawo kotalika ngati cala, ndipo mubwerenso patapita masiku awiri kapena atatu. Mukapeza pamatidwanso, ciswe cikali kuyendamo. Pa masiku oyembekezawo cotsani mabuku, zobvala ndi mapepala ofunika, ndipo mtanda wa denga ukakhala wafooka, ucirikizeni ndi nsanamira tsiku lomwelo, ana asagone pansi pace.

IV. Njira zisanu ndi imodzi, ndi kusankha kwace

Ambuye Yesu, pa Luka 14, anaphunzitsa kuti womanga ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wa nchito yace. Momwemonso wolimbana ndi ciswe aziyese njira zonse m'mtima asanatulutse ndalama.

Njira yoyamba ndiyo kucotsa cakudya ndi cinyezi. Iyi siifuna ndalama, ndipo popanda iyo njira zina zonse zipita pacabe. Zulani zitsa za pafupi ndi nyumba. Nkhuni, matabwa otsala ndi makatoni zisatsamire khoma. Kumbani ngalande kuti madzi a pa denga ndi a kosambira apite kutali. Konzani mpope wodontha. Cotsani dothi launjikana pa maziko, kuti pakati pa nthaka ndi poyambira khoma paoneke mpata wosacepera masentimita 15, umene diso lingathe kuuyendera. Matani ming'alu ndi simenti. Akulu anati ciswe cimalowa m'mphasa yoimika. Cinthu cosasunthidwa ndi cosayang'anidwa ndico cimayamba kudyedwa. Nkhokwe iime pa miyala, ndipo pansi pace pasesedwe.

Njira yaciwiri ndiyo kusintha matabwa. Ku Copperbelt matabwa ambiri a denga ndi a paini ndi a bulugamu, ocokera m'minda ya mitengo monga ya kampani ya ZAFFICO, imene likulu lace lili ku Ndola. Paini wosathiridwa mankhwala ndi nsima ya ciswe. Thabwa loyenera ndi limene mankhwala analowetsedwa m'kati mwace ndi makina. Lothiridwa CCA limaoneka lobiriwira, ndipo lothiridwa creosote ndi lakuda, la pfungo la phula. Kupaka mankhwala pamwamba ndi burashi kumateteza khungu lokha. Mukadula thabwa lothiridwa, pakani mankhwala podulapo. Ndipo zidutswa zace musazisonkhere moto wophikira, pakuti utsi ndi phulusa la CCA zili ndi poizoni wa arsenic. Mwa mitengo ya kwathu, mlombwa, muwanga ndi tsanya imalimba pa ciswe, koma mtima wace wokha. Mnofu woyera wa kunja umadyedwa monga mtengo wina uli wonse. Amene angathe kugula mafelemu acitsulo acita bwino.

Njira yacitatu ndiyo kukumba culu ndi kupha manthu. Makolo athu anaidziwa njira iyi, ndipo nthawi zina imathandiza, pamene culu ca pafupi ndico gwero leni leni. Koma ili ndi malire ace. Njira za pansi za culu cacikulu zingathe kufika mamita 50, cotero culu cimene mwakumba cingakhale cosalakwa, ndipo colakwaco cili kuseri kwa nyumba ya mnansi. Mitundu ina ilibe culu coti mukumbe. Ndipo nthawi zina mudzi wa ciswe umadzipezera manthu wina, nuyambanso.

Njira yacinai ndiyo mankhwala a kumudzi: phulusa, madzi a masamba a nimu kapena a mthuthu, ndi oilo wakale wa galimoto. Phulusa ndi masamba zimaingitsa ciswe kanthawi, ndipo zithandiza pa nkhokwe ndi pa mbande. Koma mvula imazitsuka msanga, ndipo sizifika ku cisa. Mthuthu umapha nsomba, usayandikire mtsinje. Oilo wakale salowa kwambiri m'thabwa, amaipitsa nthaka ndi madzi, ndipo amaonjezera ngozi ya moto pa denga.

Njira yacisanu ndiyo kuthira mankhwala m'nthaka. Iyi ndiyo njira yaikulu pamene ciswe calowa kale m'nyumba ya njerwa ndi simenti. Amakumba ngalande yaing'ono kuzungulira maziko onse, nathira mankhwala osakaniza ndi madzi pa ngalandeyo ndi pa dothi lokwiriralo. M'kati amaboola simenti m'mbali mwa makoma, napopera mankhwala pansi, natsekanso mabowo. Mankhwala ace ali a magulu awiri. Ena, monga bifenthrin ndi permethrin, amaingitsa ciswe. Koma pakatsala kampata kosathiridwa, ciswe cidzakapeza ndi kulowerapo. Ena, monga fipronil ndi imidacloprid, ciswe siciwazindikira. Cimayenda m'dothi lothiridwalo, nicitenga mankhwala pa thupi ndi kupatsirana. Awa amacedwa kuonetsa nchito yace, cotero musanene kuti mwanyengedwa mukaona ciswe cikali kuyenda patapita masiku ocepa. Dziwani kuti fipronil ndi imidacloprid amapha njuci, ndipo fipronil, bifenthrin ndi permethrin amapha nsomba. Mphamvu yao m'nthaka ndi ya zaka zowerengeka cabe. Womanga nyumba yatsopano athire nthaka simenti ya pansi isanaikidwe, pakuti nthawi imeneyo nchito ndi yopepuka ndi yochipa, m'mera mpoyamba.

Njira yacisanu ndi cimodzi ndiyo nyambo, ndizo timabokosi tokwiriridwa pansi tokhala ndi cakudya ca mankhwala oletsa ciswe kufundula. Ku America ndi ku Australia nyambo zathandiza kwambiri, koma pa mitundu yolima bowa, imene ili yambiri kwathu, sizigwira nchito bwino. Munthu asalipire ndalama zambiri pa njira iyi asanadziwe mtundu wa ciswe cace.

Tsono tisankhe bwanji? Ciswe cikakhala pa mpanda, pa mtengo kapena pa nkhuni zokha, njira yoyamba ikwanira. Cikakhala pa felemu limodzi lokhudza pansi, sinthani felemulo, mumate mng'alu, ndipo muyang'anire mwezi ndi mwezi. Cikabwerera mutacita izi, kapena cikafika ku denga, kapena cikatulukira m'zipinda zingapo, pamenepo nthaka iyenera kuthiridwa kuzungulira nyumba yonse, ndipo matabwa ofooka asinthidwe. Kupopera mankhwala a udzudzu pa mzere wa dothi kumapha anchito ocepa ooneka, pamene manthu ali kuikira ena zikwi zikwi tsiku lomwelo.

V. Cenjezo la mankhwala

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 mankhwala monga aldrin, dieldrin ndi chlordane anathiridwa pansi pa nyumba m'maiko ambiri. Anthu anawatama cifukwa anali kukhala m'nthaka zaka 20 ndi kupitirira. Koma kukhalitsa komweko ndiko kunali kuipa kwao: analowa m'madzi, m'nsomba, m'matupi a anthu, ngakhale mu mkaka wa amai oyamwitsa. Pa cifukwa ici maiko anacita pangano ku Stockholm m'caka ca 2001, limene linayamba kugwira nchito mu 2004, loletsa mankhwala amenewa. Zambia, Malawi ndi Mozambique ali m'panganolo. M'caka ca 2025 chlorpyrifos, amene ambiri akhala akuthira pa ciswe, anaonjezedwanso m'ndandanda ya panganolo, kupatula pa nchito zowerengeka zololedwa kwa kanthawi. Cotero munthu akakuuzani kuti ali nao mankhwala amphamvu akale aja, m'botolo lopanda dzina, mkanireni.

M'Zambia bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo lipereka ziphaso kwa ogulitsa ndi othira mankhwala otere. Ku Malawi nchito imeneyi ili m'manja mwa Pesticides Control Board. Safunsa anadya phula. Wothira mankhwala akafika pakhomo panu, mfunseni zinthu izi: ciphaso cace cili kuti, dzina la mankhwala ndi ciani, ndipo muone cigubu cosatsegula ndi cizindikiro cace, adzathira pati ndi pati, adzacita ciani pa citsime, ndipo adzabweranso liti kudzaona. Zonse zilembedwe pa pepala. Wothira weni weni amayamba wayendera nyumba. Wongochula mtengo ali ciimire pa cipata ndi wokayikitsa.

Za madzi, anthu a ku Kitwe sasowa wowauza. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linagumuka, nsomba zinafa m'Kafue, ndipo madzi a m'mipope ya mzinda anatsekedwa kwa kanthawi. Cimene mgodi unacita pa mtsinje, munthu mmodzi angathe kucicita pa citsime ca mabanja khumi. Musathire mankhwala pafupi ndi citsime cosazama, kapena pamene nthaka yakhuta madzi, kapena mvula ili pafupi kugwa.

Wothira abvale magolovesi, nsapato ndi cophimba pamphuno, asadye kapena kusuta ali pa nchito, ndipo asambe ndi sopo atatha. Muyezo ukhale umene walembedwa pa cigubu. Kuonjezera sikupha ciswe kawiri. Mankhwala asatsanulidwe m'botolo la zakumwa, ndipo cigubu cotha cisatungire madzi. Culu cothiridwa mankhwala cidziwike kwa onse, kuti ana asatole inswa zace, pasazulidwe bowa, nkhuku zisajompheko, ndipo amai oyembekezera amene amalakalaka dothi la pa culu asalidye. Mibulu ya aluminium phosphide, yophera anankafumbwe m'nyumba zazikulu zosungira cimanga, isalowe konse m'nyumba yogonamo anthu, pakuti mpweya wace wapha mabanja ali m'tulo. Munthu akamwa mankhwala mwangozi, musamsanzitse ndipo musampatse mkaka. Thamangani naye ku cipatala, mutanyamula cigubuco kuti adokotala acione.

VI. Ciswe ndi cikondi ca pa mnansi

Mlaliki, pa mutu 10, akumbutsa kuti ulesi ndiwo ugwetsa denga ndi kudonthetsa nyumba. Koma pa nkhani ya ciswe pali chimo lina loposa ulesi, ndilo kubisa. Mkristu wogulitsa nyumba, amene apaka penti pa thabwa lodyedwa kuti wogula asaone, waba ndalama za mbale wace. Mwini nyumba yobwereketsa, amene alandira lendi mwezi ndi mwezi ali kudziwa kuti mtanda wafooka, adzayankha mlandu denga likagwera mwana. Ndipo wokhala pa lendi amene aona dothi pa khoma nakhala cete, poti nyumba si yace, wasiya kukhulupirika pa ca mwini wina.

M'midzi yonga Luangwa, kumene nyumba zili moyandikana, cisa cimodzi cingathe kudya nyumba zitatu. Mmodzi akathira mankhwala oingitsa pa yace yokha, ciswe cipatukira kwa mnansi. Mutu umodzi susenza denga. Anansi akhale pansi, afufuze pamodzi, agwirizane za citsime, ndipo kukatheka aitane wothira mmodzi.

Mpingo nawo uli ndi gawo lace. M'kabati ya nyumba ya Mulungu muli Mabuku Opatulika, mabuku a nyimbo, ndi mabuku a maina a obatizidwa ndi a maukwati, amene akadyedwa sangathe kugulidwanso. Kabatiyo iime pa miyendo, isatsamire khoma, ndipo itsegulidwe kawiri kawiri. Atumiki a mpingo ayendere denga la nyumba ya Mulungu caka ndi caka, ndipo pomwepo ayenderenso nyumba za amasiye ndi za okalamba, amene sangathe kukwera okha. Anyamata a mpingo akazula zitsa ndi kukumba ngalande pa nyumba ya gogo, agwira nchito ya Ambuye monga woimba m'kwaya.

Ndipo pamene tigogoda matabwa a nyumba zathu, tikumbukire kuti cakukhosi, kaduka ndi bodza laling'ono zimayendanso mobisala, nizisiya kunja kuli kosalala. Mkristu adziyese yekha pamaso pa Mulungu nthawi ikalipo, ndi kuulula msanga cimene wapeza.

Nchito za pa caka

May kufikira July: Mvula yatha. Yenderani nyumba yonse, sinthani matabwa ofooka, ndipo mukonze nkhokwe cimanga cisanalowemo.

August kufikira October: Zulani zitsa, matani ming'alu, kumbani ngalande. Kuthira mankhwala m'nthaka kucitike mvula isanayambe.

November ndi December: Inswa zituluka. Penyani kumene zitulukira. Zikatulukira m'kati mwa nyumba kapena pa maziko, cisa cili pansi panu.

January kufikira April: Cinyezi caculuka. Sunthani katundu wotsamira makoma sabata ndi sabata, ndipo muone kuti madzi sakhazikika pa maziko.

Mafunso a m'kalasi

1. Chulani zinthu zisanu zimene lamulo la pa Levitiko 14 litiphunzitsa za nyumba yodwala.
2. Cifukwa ninji ciswe cimamanga timiseu ta dothi pa khoma?
3. Kodi kupha manthu kumathetsa bvuto nthawi zonse? Fotokozani.
4. Mudzamfunsa ciani munthu wofuna kuthira mankhwala pa nyumba yanu?
5. Ndani mu mpingo wanu amene nyumba yace ifunika kuyenderedwa caka cino?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Inu munalenga zazikulu ndi zazing'ono, ndipo munatipatsa pokhala. Mutipatse khama la kusamala nyumba zathu, nzeru ya kusankha mankhwala osapweteka ana athu ndi anansi athu, ndi mtima woona wosabisa coipa. Musunge abale athu a ku Migodi ndi a kumudzi pansi pa madenga olimba, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.